Kodi H. pylori ndiye amayambitsa magazi pa kathumba ka Meckel?

Wophunzira unamwino, Luwinga:
Akuluakulu, ndithandizeni. Kathumba ka Meckel, kamene ana ena amabadwa nako m'matumbo, nthawi zina kamakhala ndi minofu yofanana ndi ya m'chifu. Ndiye mwana akayamba kuchita chimbudzi cha magazi, mlandu ndi wa kachilombo kotchedwa H. pylori ngati mmene zimakhalira ndi zilonda za m'mimba? Mankhwala opha kachilomboka angathandize?

Clinical officer, Chibavi:
Ayi achemwali, wolakwa ndi asidi. Kathumbaka ndi chotsalira cha kanjira kolumikiza matumbo ndi mchombo mwana akadali m'mimba, komwe kamayenera kufota pofika sabata la 7. Anthu pafupifupi 2 mwa 100 ali nako, ambiri osadziwa n'komwe. Kawirikawiri kamakhala masentimita 60 kapena kucheperapo kuchokera pamene matumbo aang'ono amakumana ndi aakulu.

Minofu ya chifu yosocherayo imatulutsa asidi, pomwe matumbo oyandikana nayo sanapangidwe kuti azipirira asidi. Chilonda chimabuka pamenepo, m'khosi mwa kathumbako kapena pambali pake. H. pylori amapezekamo mwa apo ndi apo. Kuti afike kumeneko ayenera kudutsa m'matumbo momwe muli madzi a ndulu, ndipo madzi amenewa samukomera.

Namwino wa ku theatre, Katoto:
Ndiwonjezere pa zizindikiro, poti kuno timathamangira kunena kuti ndi kamwazi. Wa kamwazi amamva kupotokola, amatsegula m'mimba pafupipafupi, thupi limatentha. Wa Meckel magazi amatuluka ambiri, ofiira moderako, koma mimba osapweteka, ndipo kawirikawiri ndi mwana wamng'ono, makamaka wamwamuna. Yezani Hb (mlingo wa magazi m'thupi), muikeni dripu, akafunika magazi apatsidwe asanalowe ku opaleshoni.

Pa opaleshonipo, ngati vuto ndi magazi, kudula kathumba kokha nthawi zina sikokwanira. Chilonda chikhoza kutsala pa matumbo, magazi n'kuyambiranso. N'chifukwa chake madokotala nthawi zambiri amachotsa ndi kachigawo ka matumbo komwe, kenako n'kulumikiza.

Wa ku labu, Mchengautuwa:
Musapusitsidwe ndi zotsatira za chimbudzi. Zikaonetsa H. pylori, sizikukuuzani kuti ali m'kathumba. Ambiri kwathu kuno amamutenga ali ana, ndipo amakhala m'chifu. Omeprazole amatha kuchepetsa asidi podikira opaleshoni, koma sachotsa kathumba. Mwana akayamba kusanza zobiriwira, mimba n'kufufuma, ndiye kuti matumbo atsekeka, mwina apiringizika kapena alowana. Ameneyo apite ku Mzuzu Central Hospital nthawi yomweyo, asadye kapena kumwa kanthu panjira.