Kusintha chilankhulo cha pulogalamu ndi kuimasulira m'Chichewa

Wofunsa:
Ndili ndi mafunso awiri. Loyamba, LibreOffice (pulogalamu yaulere yolembera zikalata ndi ntchito zina za muofesi) imene ili pa kompyuta yomwe ndikugwiritsa ntchito ikuonetsa mamenyu onse m'Chifalansa, ndipo ndikufuna kuti izionetsa Chingerezi popanda kuichotsa n'kuiikanso. Lachiwiri, munthu akafuna kuti pulogalamu yaulere izionetsa mawu ake m'Chichewa, amayambira pati? Kodi ayenera kukhala wodziwa kulemba mapulogalamu?

Woyankha woyamba:
Loyambalo silovuta. Dinani Alt ndi F12 pamodzi, kapena pitani pa Outils kenako Options, ndipo pagawo la zilankhulo mupeza mzere wolembedwa Interface utilisateur. Sankhani Chingerezi, mutseke pulogalamuyo n'kuitsegulanso. Chilankhulo chimene mukufuna chikasowa pamndandanda, ndiye kuti sichinaikidwe pa kompyutayo, ndipo muyenera kuchiika padera. Dziwaninso kuti kusinthaku kumakhudza mamenyu ndi mabatani okha. Chilankhulo chimene pulogalamu imagwiritsa ntchito poona kalembedwe ka mawu m'chikalata chanu chimasankhidwa pamzere wina.

Woyankha wachiwiri:
Kumasulira sikufuna kudziwa kulemba mapulogalamu, chifukwa mapulogalamu ambiri aulere amasunga mawu awo padera kudzera m'njira yotchedwa gettext. Mawuwo amakhala m'mafayilo othera ndi .po, momwe mzere wa msgid uli ndi mawu oyambirira ndipo mzere wa msgstr umadikira mawu anu. Mungathe kuwamasulira ndi Poedit, pulogalamu yomasulirira mafayilo otere, pa kompyuta yanu, ngakhale kuti magulu ambiri amagwirira ntchitoyi pa intaneti: a LibreOffice amagwiritsa ntchito Weblate, pomwe a Mozilla ali ndi Pontoon. Chizindikiro choimira Chichewa pamndandanda wa zilankhulo ndi ny. Fayilo isungidwe mu UTF-8, njira yosungira zilembo pa kompyuta, kuti chilembo cha ŵ chisasanduke zizindikiro zosawerengeka. Malangizo anga n'ngakuti muyambe ndi pulogalamu yaing'ono, pakuti LibreOffice ili ndi mizere masauzande ambiri ndipo munthu mmodzi angatope asanafike patali.

Woyankha wachitatu:
Zimene anzanga afotokozazi n'zoona, koma vuto lenileni lili pa zizindikiro monga %s ndi %d, zomwe zimasungira malo mawu kapena nambala imene pulogalamu idzaikepo yokha. Musazichotse kapena kuzisintha, chifukwa uthengawo ungatuluke woperewera, ndipo nthawi zina pulogalamu imatha kuzima. Tsono tayerekezani kuti uthenga wonena kuti chinthu chachotsedwa uli ndi %s pamalo pa chinthucho. Olemba pulogalamu anauona ngati mzere umodzi wokwanira zonse, koma ife timati fayilo yachotsedwa, chithunzi chachotsedwa, uthenga wachotsedwa, mafayilo achotsedwa, popeza mneni amatsatira gulu la dzina. Womasulira sadziwa dzina limene lidzagwere pamalopo. Njira imene ndimaona kuti imathandiza ndi kuumba chiganizo mwina, monga "Kuchotsa kwatheka: %s", kuti mneni asadalire dzinalo. Kumene zimenezi zikukanika, pemphani olemba pulogalamu kuti augawe mzerewo pogwiritsa ntchito msgctxt, mzere wosiyanitsa malo amene mawu ofanana akugwiritsidwa ntchito, ndipo muwafotokozere chifukwa chake ndi zitsanzo, chifukwa ambiri a iwo sanakumanepo ndi chilankhulo cha magulu a mayina.

Chinanso n'chakuti mawu athu nthawi zambiri amatalika kuposa a Chingerezi, moti pabatani laling'ono amaduka. Choncho musakhutire ndi zimene mukuona mu Poedit. Tsegulani pulogalamuyo muone mmene mawuwo akukhalira pamalo pake.

Wofunsa:
Zikomo nonse, Chingerezi chabwerera. Nanga tikakhala omasulira angapo, tingatani kuti mawu athu asasiyane?

Woyankha wachiwiri:
Gwirizanani mndandanda wa mawu musanamasulire mzere uliwonse, makamaka mawu obwerezedwa kawirikawiri monga kusunga, kutsegula ndi kuletsa, ndipo muuike mu Weblate kuti uzionekera kwa aliyense akamamasulira. Mzere umene mukuukayikira muuike chizindikiro cha fuzzy, chosonyeza kuti ukufunika kuunikidwanso. Pulogalamu ipitiriza kuonetsa Chingerezi pamalopo kufikira wina atauunika n'kuuvomereza.