Chigayo kuseri kwa nyumba: kodi laisensi ya bizinesi ndi yokwanira?

Abale ndi alongo pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa malamulo a malo m'matauni. Ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi chaka chatha, ndipo ndalama yanga ya penshoni ndikufuna kugulira chigayo cha magetsi, chogaya ndi chokonola, n'kuchiika kuseri kwa nyumba yanga m'tauni ina yaing'ono ya m'chigawo chapakati. Amayi a m'dera lathu amayenda mtunda wautali atasenza chimanga, kotero makasitomala sangasowe.

Vuto lili pa pepala la poloti. Lizi yanga ndi ya zaka 99, ndipo inalembedwa momveka bwino kuti malowa ndi omangapo nyumba yokhalamo. Nditapita ku khonsolo, wina anandiuza kuti ndingodula laisensi ya bizinesi basi, koma mnzake wa ofesi yoyandikana nayo anati ndiyambe ndapempha chilolezo chosinthira ntchito ya malowo. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti mumsewu wathu womwewu muli owotcherera zitsulo, okala ziwiri ndi malo omwera mowa, ndipo sindinaonepo aliyense akuwafunsa. Komanso khoma ndi khoma ndi ine kuli agogo odwala mphumu, amene takhala nawo bwino zaka 14, ndipo sindikufuna kuti fumbi la gaga litidanitse. Kodi ndiyambire pati, ndisanalipire ESCOM kuti andikokere magetsi a mawaya atatu?

Yankho loyamba: Aphunzitsi, wachiwiriyo ndiye wakuuzani zoona. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, limatenga kusintha ntchito ya malo ngati chitukuko chofunika chilolezo, chimodzimodzi kumanga nyumba yatsopano. Laisensi imakulolani kuchita malonda, koma siifafaniza zimene zalembedwa pa lizi yanu kapena pa mapu a tauni. Mulembe kalata yopempha chilolezocho, muphatikizepo pulani yosonyeza pamene chigayocho chidzakhale, ndipo yankho lililonse limene angakupatseni mupemphe kuti likhale lolembedwa, chifukwa mawu apakamwa sadzakuthandizani tsiku limene adzabwere kudzatseka. Eni malo amene anakupatsani liziyo nawonso ayenera kuvomereza.

Yankho lachiwiri: Musadalire zoti owotcherera aja sakufunsidwa. Kawirikawiri khonsolo imadzuka pokhapokha munthu akadandaula, ndipo chigayo n'chosiyana ndi okala: chimalira kuyambira m'mamawa, chimagwedeza makoma, ndipo magetsi akazima masana mudzakakamizika kugaya usiku pamene anzanu akugona. Ine ndinakhalapo moyandikana ndi chigayo zaka zitatu, ndipo zovala pachingwe zinkayera ndi ufa. Kambiranani kaye ndi banja la agogowo komanso a khansala a dera lanu.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Za kugaya usiku sindinaziganizire n'komwe. Ndafunsa kale mtengo wa lendi pa malo ena pafupi ndi msika, ndipo Lolemba ndikapereka kalatayo ku khonsolo. Alipo amene anapemphapo chilolezo chotere, andiuze kuti chinatenga miyezi ingati?