Za chiuno changa chouma chija

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chomwe ndimalephera kutembenuka msanga pa mpira, chonsecho ndimathamanga kukwera phiri la Soche. Ambiri munati vuto lili m'akakolo ndi m'chiuno, osati mphamvu. Munalondola ndithu.

Ndinayesa zija munanena, kugunditsa bondo kukhoma chidendene osanyamuka, chala chachikulu cha kuphazi chili masentimita 10 kuchokera kukhomako. Mwendo wamanzere unakanika. Panopa tisanayambe kusewera ndimagwedeza miyendo, kudumpha cham'mbali komanso kuyenda chonyonyomala, ndipo anzanga a ku Chilobwe amangondiseka. Zowongola minofu modekha masekondi 30 ndimachita tikamaliza. Kunyonyomala mpaka pansi ngati agogo akukoleza mbaula kwayamba kutheka.

Bondo lamanja lokha ndilo limapwetekabe potsika phiri, ndiye sabata yamawa ndikaonana ndi a fizio, achipatala othandiza pa mavuto a minofu ndi mafupa.