Magolovesi okwerera m'ming'alu ya thanthwe: a mphira kapena tepi?

Mwandida:
Ndayamba kuphunzira kukwera m'ming'alu, kumene munthu amalowetsa dzanja mumng'alu n'kulifutukula kuti likanirire m'kati. Khungu la kuseri kwa manja anga likusupuka kwambiri, makamaka pamfundo za zala, moti ndimaleka kukwera mphamvu ndikadali nazo. Kodi ndigule magolovesi a mphira kapena ndizikulunga tepi? Ndili ndi achikopa amene ndimavala pogwirira mnzanga chingwe. Kodi amenewa sangathandize?

Kalinde:
A Mwandida, achikopawo asiyireni ntchito ya chingwe, chifukwa amaphimba chikhatho ndi zala, ndipo dzanja limaterereka m'kati mwake. Magolovesi a m'ming'alu amaphimba kuseri kwa dzanja kokha, chikhatho n'kutsala pamtunda kuti chizikhudza mwala.

Chofunika kuganizira poyamba ndi kuchindikala kwa mphira, pakuti chilichonse chimene mwavala chimakulitsa dzanja lanu. Mumng'alu umene mumakwana Camalot nambala 2 (Camalot ndi kachipangizo kachitsulo kamene okwera amakanirizitsa mumng'alu n'kukolekapo chingwe, ndipo nambala ikamakwera mng'alu wake umakhalanso waukulu), manja a anthu ambiri amakhazikika bwino, kaya avala zochindikala kaya zopyapyala. Mukafika pa mng'alu wa nambala 1 nkhani imasintha: dzanja limalowa movutikira kale, ndipo golovesi yochindikala imalikaniza pamfundo za zala, inu n'kumalendewera pa zala zokha mikono ikutha mphamvu. Pa mng'alu wa nambala 3, kumene dzanja limachepa koma chibakera sichilowa, mphira wochindikala uja ndiye amakupulumutsani, chifukwa amadzaza mpata wotsalawo. Magolovesi a kampani ya Ocun ndi ochindikalirapo kuyerekeza ndi otchedwa Splitter a kampani ya Outdoor Research. Motero yambani mwaona kukula kwa manja anu ndi ming'alu imene mumakwera kawirikawiri. Wamanja aang'ono amapindula ndi zochindikala, wamanja aakulu zimamupinga.

Mtundu wa mwala nawo ndi wofunika. Mwala wamchenga wa ku Indian Creek, ku Utah m'dziko la America, ndi wosalala m'kati, pomwe mwala wolimba wa granite wa ku Vedauwoo, ku Wyoming m'dziko lomwelo, uli ndi timiyala takuthwa timene timaboola chinthu chopyapyala mosavuta.

Nachisale:
Ine ndiikira kumbuyo tepi, ngakhale ndikuvomereza kuti kukulunga kumadya nthawi. Ndi tepi mumasankha nokha pochindikalitsa ndi popyapyalitsa, ndipo mukhoza kuphimba tsinde la chala chachikulu, malo amene amavulala kwambiri pokaniriza chibakera koma magolovesi ena amawasiya poyera. Yogwiritsa ntchito ndi tepi yansalu ya ochita masewero, ya masentimita 3.8 m'lifupi. Mukamakulunga muzikunga dzanja pang'ono, apo ayi tepi imathina n'kutseka magazi. Pomaliza kukwera muidule bwino kumbali ya chikhatho, ndipo mudzaivalanso tsiku lina pongowonjezera kachidutswa katsopano. Mumng'alu wa zala zokha golovesi ilibe ntchito. Pamenepo tepi ndiyo imateteza. M'ming'alu ikuluikulu, monga Century Crack imene Tom Randall ndi Pete Whittaker anakwera mu 2011, mwala umakanda mpaka mikono ndi akakolo, kumene golovesi sifika.

Chisale:
Zimene anena a Nachisale n'zoona, koma munthu wophunzira, amene akufuna kubwereza mng'alu umodzi kambirimbiri, magolovesi amamupeputsira ntchito. Mugule othina. Poyesa, valani, kungani chibakera, kenako kankhani mphirayo ndi chala: ikasuntha pamwamba pa khungu, ndiye kuti mumng'alu dzanja lidzatembenuka m'kati mwa golovesi thupi lonse likulendewera pamenepo. Muonenso timalupu ta zala, chifukwa ndi tomwe timayamba kuduka, ndiponso lamba womangira padzanja. Ngati nsonga yake ili poyera, imakola mwala n'kumasuka muli pakati pa ulendo. Ambiri amaizunguliza tepi kamodzi asananyamuke.

Mwandida:
Zikomo nonse. Manja anga ndi aang'ono ndipo ming'alu yambiri imandikulira, choncho ndiyesa ochindikalawo, tepi ndisungire zala ndi lamba uja.