Mwana wa Sitandade 3 amangoti duu m'kalasi: ndilembe kuti absence?

Chisomo: Akuluakulu, ndithandizeni. Mtsikana wa zaka 8. Aphunzitsi akuti amangoti duu m'kalasi, maso tong'o, kumuitana osayankha, kenako n'kupitiriza kulemba ngati palibe chachitika. Chaka chatha ankakhoza, pano masamu atsikiratu. Kuchipatala cha kumudzi anamuyambitsa mankhwala a khunyu otchedwa carbamazepine, mayi ake akuti kuyambira pamenepo zikuchitika pafupipafupi. EEG, chithunzi cha mafunde a magetsi a muubongo, ndajambula m'mawa uno koma mizere yonse yakhuthala ndi phokoso, alpha, mafunde a kumbuyo kwa mutu aja, sikuoneka bwino. Komanso pomupumitsa mofulumira pakutuluka mafunde akuluakulu m'machanelo onse. Dokotala wa ana akufuna lipoti Lachinayi. Ndilembe kuti ndi absence, khunyu ija yongoti duu kwa masekondi ochepa?

aGondwe: Musalembe kalikonse kaye achemwali. Makina anuwo anachokera kuti? Ngati ndi opatsidwa kuchokera ku America, onani notch filter, sefa yotchinga phokoso la magetsi. Kumeneko magetsi amayenda pa 60 Hz, kutanthauza ka 60 pa sekondi, kuno ndi 50. Ikakhala pa 60 ndiye kuti ikutchinga phokoso lomwe kuno kulibe, lathuli likungolowa.

Chisomo: Ili pa 60 zoonadi. Ndasintha, phokoso lachepa koma silinatheretu, makamaka pa ma electrode, timawaya tomata pamutu, a O1 ndi T5.

Sisitala Nachisale: Tsitsi linali bwanji? Ana athuwa amabwera ataluka, mafuta ali tho m'mutu. Popanda kupala bwino khungu impedance, muyeso wa mmene khungu likutchingira magetsi, singatsike. Ine sindiyamba kujambula isanafike pansi pa 5 kilo-ohm, ndipo ma electrode onse akhale ofananirako. Notch isakhale yobisira ntchito yosakonzeka. Muzimitsenso chaja ya foni ndi fani, laputopu iyende pa batire.

aGondwe: Zimenezo n'zoona, Sisitala. Tsopano pa mafundewo. Mwana wabwinobwino wa msinkhu umenewu mukamupumitsa mofulumira mphindi 3, mpweya wa carbon dioxide umatsika m'magazi, mitsempha ya muubongo imafinyika, ndipo pamatuluka delta, mafunde ochedwa, yaikulu yoopsa maso. Amatero kwambiri ngati sanadye m'mawa. Imeneyo si khunyu ayi. Imayamba pang'onopang'ono, imatha pang'onopang'ono akasiya kupuma mofulumira, ndipo ilibe minga. Ya absence imayamba mwadzidzidzi, imadukanso mwadzidzidzi, funde lililonse lili ndi munga, spike, patsogolo, katatu pa sekondi. Ikani tsamba la masekondi 10 muwerenge: mukapeza pafupifupi 30, mwayandikira.

Mphatso: Ine ndili ndi funso la wophunzira. Masekondi 8 kapena 10 okha a absence angagwetse mwana m'kalasi bwanji? Sagwa pansi, sagwedezeka.

Dr K: Funso labwino, ndipo ndi pamene makolo ambiri amakakamira. Ubongo ukamagwira ntchito, zigawo zake zimayenda pa liwiro losiyanasiyana. Alpha ija ya 8 mpaka 13 Hz, yomwe Hans Berger anafalitsa mu 1929, imakula kumbuyo kwa mutu munthu akatseka maso, akatsegula imazilala chifukwa chigawo choona chayamba ntchito. Mwana akamamvetsera aphunzitsi, apa pali mafunde othamanga, apo ochedwa, chigawo chilichonse chili pa zake. Pa absence, njira yolumikiza thalamus, ya m'kati mwa ubongo, ndi cortex, ya pamwamba pake, yomwe usiku imapanga mafunde a kutulo otchedwa sleep spindle othandiza kusunga zimene taphunzira, imakokera ubongo wonse pa kugunda kumodzi. Zili ngati kalasi yonse ikuombera m'manja limodzi, mawu a aphunzitsi sangamveke. Zonenedwa m'masekondi amenewo sizilowa n'komwe. Ndiye zikamachitika kambirimbiri pa tsiku, mwana amamva chiyambi cha samu ndi mathero ake, pakati palibe. Aphunzitsi n'kumati ndi waulesi.

Ndiye Chisomo, mafunde okha sakwanira. Mubwereze kujambula, ndipo mafundewo akangoyamba mutchule mawu amodzi mokweza, monga "nthochi". Akatha mumufunse mwanena chiyani. Mulembe pa chojambulacho nthawi yomwe mwalankhula.

Sisitala Nachisale: Ndipo mwana wa zaka 8 musamuuze kuti "puma mwamphamvu", amatopa pa mphindi imodzi. Mupatseni kapepala aziuzira kuti kaziuluka, muziwerenga naye. Wa absence amasiya yekha kuuzira, zikope n'kumaphethira. Adye kaye phala asanabwere.

aGondwe: Mufunsenso mayiwo ngati anadwalapo malungo a muubongo. Ku Blantyre anatsatira ana opulumuka matendawa n'kupeza kuti ena amadzayamba khunyu ndi vuto losamvetsera patapita miyezi. Khunyu yotero kawirikawiri imayambira mbali imodzi, ndipo mwanayo amatha kungoti duu chimodzimodzi, kungoti imatenga nthawi yaitaliko ndipo ikatha amasokonezeka. Pamenepo carbamazepine ingakhale yolondola. Musathamangire kuweruza amene anamupatsa.

Chisomo: Ndabwereza lero. Mayi anamasula tsitsi n'kulichapa ndi sopo, impedance yonse pansi pa 5. Alpha yaoneka bwino, 9 Hz mbali zonse ziwiri, akatsegula maso ikuzilala. Pa mphindi yachiwiri youzira kapepala anasiya yekha. Spike ndi funde, katatu pa sekondi, machanelo onse, masekondi 11, kenako alpha yabwerera pompo. Ndinati "nthochi". Nditamufunsa anati ineyo sindinanene kanthu. Malungo a muubongo sanadwalepo.

Dr K: Imeneyo ndi absence. Lembani zimene mwaona, kuphatikizapo zoti sanakumbukire mawuwo, ndipo mutchule pamwamba penipeni kuti ali pa carbamazepine, chifukwa mankhwalawa amatha kuwonjezera absence. Musawauze mayiwo kuti asiyitse okha, dokotala ndiye atsitse pang'onopang'ono. Ethosuximide ndi amene timafuna koma kuno sapezekapezeka, ndiye mwina akhala sodium valproate. Poti ndi mtsikana, dokotala alembe m'buku lake kuti adzaunikenso asanathe msinkhu, valproate ndi woopsa kwa mwana wosabadwa.

Mphatso: Nanga kusukulu tiwauza chiyani?

Sisitala Nachisale: Kakalata kachidule kwa aphunzitsi, mayi akavomereza: amukhazike kutsogolo, akaona wati duu amubwerezere zomwe ananena, asamukalipire. Kunyumba asapite yekha kumtsinje kapena kukhala yekha pamoto mpaka mankhwala atagwira. Chisomo, mumulembe tsiku lodzajambulanso akasintha mankhwala, kapepala kouzira komweko.