Funso kwa odziwa za ndege pa ngozi ya ku Chikangawa

Abale ndi alongo, makamaka inu amene munagwirapo ntchito za ndege, ndikupempha kuti mundithandize kumvetsa ngozi ya pa 10 June 2024, pamene ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa ili pa ulendo wa ku Mzuzu, n'kupha anthu onse 9, kuphatikizapo Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, Dr. Saulos Chilima. Akatswiri a ku Germany anapeza kuti batire la kachipangizo kolozera pamene ndege yagwera linatha nthawi yake mu 2004, ndipo zimenezi zimandiwawa kwambiri. Kodi ali ndi udindo woyendera zipangizo zoterezi ndani? Nanga woyendetsa ndege akapeza mapiri a Viphya atakutidwa ndi chifunga, malamulo amamulamula kuti achite chiyani?