Kodi "mnansi" wa pa mwambi wa kutsina khutu ndi ndani kwenikweni?

Abale anga, ndithandizeni. Lachiwiri lapitali uthenga unandipeza pa WhatsApp woti madamu amene anatiphunzitsa Chichewa mu Sitandade 5 kwathu ku Ntcheu atisiya. Kumaliro sindinapite. Ngakhale ndikanakwera basi pa Park Station tsiku lomwelo, pofika pa Beitbridge mpaka kudutsa Tete ndikanapeza atawaika kale m'manda. Ife a kuno ku Joni tinangosonkha chipepeso n'kutumiza.

Chikundisowetsa tulo ndi mwambi wawo. Ife ndi ana a 1994, chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ndiye tinachuluka moti tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa pathunthu. Ukalemba "bvuto" m'malo mwa "vuto", madamu ankakugwira khutu ndi zala zoyera ndi choko, osakoka kwambiri ayi, n'kunena chapansipansi kuti, "Wakutsina khutu ndi mnansi." Khutulo linkatsala mbuu, kalasi yonse n'kudziwa kuti lero wazionera.

Zaka zonsezi ndinkayesa akunena kutsina kwenikweniko. Dzulo kushopu ku Mayfair, mkulu wina wa ku Mangochi amene ndimagwira naye ntchito anandiseka mpaka kukhosomola. Akuti kutsina khutu ndi kumuchenjeza munthu mwamseri, monga timachitira kuno tikamauzana kuti msewu uwo usadutse, apolisi akufunsa mapepala. Apo ndavomera, madamu ankangosewera ndi mawu.

Pamene tasiyana ndi pa mnansi. Mkuluyo akuti ndi munthu woyandikana naye nyumba, basi. Koma agogo anga akati "anansi athu" ankanena achibale, ngakhale okhala kutsidya kwa mtsinje. Ndiye pa Luka 10:29 munthu wina wodziwa malamulo atafunsa kuti mnansi wake ndani, Yesu anamuyankha ndi nkhani ya Msamariya, yemwe sanali wachibale, sanalinso wa khomo loyandikana. Madamu nawonso kwawo kunali kumpoto, ankangokhala m'nyumba ya sukulu.

Ndiye makolo popeka mwambiwu ankati chiyani? Kuti okhawo a pafupi nawe ndi amene amalimba mtima kukuchenjeza, kapena kuti aliyense wokuchenjeza wasanduka wako?

Anzanga a m'kalasi andipatsa ntchito yolemba mawu oti akawerengedwe tsiku lovundukula chiliza. Inu amene munakula ndi agogo, makamaka a ku Ntcheu ndi Dedza, kwanuko mumati bwanji? Sindikufuna ndikaphonye Chichewa pamanda pa madamu a Chichewa.